Chipsepse chopindika cha halfbeak yaimuna si matenda

Achimwene, mwafunsa ngati chipsepse cha pansi cha nsomba yanu ya halfbeak yaing'onoyo chikuwola, poti ndi chachifupi komanso chopindikira kumbuyo pomwe cha inzake yaikulu ndi chotambasuka bwino. Musathire mankhwala m'thankimo. Yaing'onoyo ndi yaimuna, ndipo chipsepsecho ndi chiwalo chake choberekera. Akatswiri amachitcha andropodium.

Nsomba zamlomo wa m'munsi wautalizi, za magulu a Dermogenys ndi Nomorhamphus, siziikira mazira, zimabereka ana amoyo. Dermogenys zimapezeka m'mitsinje ndi m'madzi amchere pang'ono kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, pomwe Nomorhamphus kwawo ndi ku Sulawesi ndi ku Philippines. Kuti umuna ulowe m'thupi la yaikazi, timinga takutsogolo ta chipsepse chapafupi ndi potulukira chimbudzi timasintha yaimuna ikamakula.

Kamunga kofunika kwambiri ndi kachiwiri. Kamanenepa, kamapinda ngati bondo, ndipo kunsonga kwake kuli timinga tiwiri tating'ono, kwina ndi kwina, ndi kansonga kowonda pakati kotchedwa spiculus. Zitatuzi pamodzi zimaoneka ngati kafoloko. Palinso kachikopa kamene kamaphimba mbali ya timingati, n'chifukwa chake ndi maso okha mumangoona ngati chipsepse chofota. Ofufuza amawerenga timfundo ta spiculus pa maikulosikopu posiyanitsa mitundu yofanana kwambiri, ndipo katswiri wa nsomba Amy Downing Meisner anadalira kwambiri kapangidwe ka chiwalochi pokonzanso mayina a magulu awiriwa mu 2001.

Ambiri amasokonezeka chifukwa anazolowera guppy, nsomba ina yoweta m'thanki imene imaberekanso ana amoyo. Chiwalo choberekera cha guppy yaimuna ndi gonopodium, kandodo kataliko kopangidwa ndi kamunga kachitatu, kachinayi ndi kachisanu. Andropodium siitalika choncho, imakhalabe ndi maonekedwe a chipsepse, ndipo umuna umatuluka m'timibulu pa kachotupa kamene kali kutsogolo kwa chipsepsecho.

Kuti mutsimikize, iikeni nsombayo m'kabotolo koyera kamadzi a m'thanki momwemo, muunike ndi tochi cham'mbali, osati pamwamba. Chipsepse chowola chimakhala chong'ambikang'ambika, choyera m'mphepete, ndipo chimachepa tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri limodzi ndi mchira. Andropodium ndi yosalala, sisintha. Kukula kumathandizanso: Dermogenys pusilla yaikazi imafika masentimita 7, yaimuna imachepa kuposa apo. Ana aang'ono onse amaoneka ngati aakazi, ndiye musafulumire kuwasiyanitsa.

Chimene ndikukudandaulirani kwenikweni ndi neti. Timingati timakodwa mu neti yokhakhala, ndipo nsomba ikadzidzimuka imagunda galasi n'kuthyola mlomo. Itungeni ndi kapu. Thanki ikhale ndi chivundikiro chifukwa zimalumpha, ndipo yaimuna imodzi ikhale ndi zazikazi ziwiri kapena zitatu, poti zazimuna zikakumana zimagwirana milomo n'kulimbana mpaka yofookayo kusiya kudya.