Nkhondo yoti mwiniwake akukana kuti si nkhondo

Achimwene ena andilembera imelo kufunsa kuti: "Pa nyuzi akumangoti hybrid threats, kodi imeneyi ndi nkhondo yeniyeni kapena ndi ma hacker chabe? Nanga ngati ndi nkhondo, bwanji mayiko amene akuchitiridwa chipongwewo sakubwezera?"

Achimwene, funso lanu lachiwirilo ndi pamene pagona nkhani. Hybrid threats ndi ziwembu zimene dziko limachitira dziko linzake mosakaniza njira zosiyanasiyana, monga kugwetsa makompyuta, kufalitsa mabodza ndi kuwononga zinthu mobisa. Ochita zimenezi amafuna kuti mnzawoyo asowe poyambira. Amakupwetekani ndithu, koma osafika poti munene kuti nkhondo yayamba, ndiye mukawaloza chala amangoti umboni uli kuti.

Taonani za ku Estonia mu 2007. Boma litasamutsa chiboliboli cha msilikali wa Soviet mumzinda wa Tallinn, mawebusaiti a mabanki, a boma komanso a manyuzipepala anayamba kugwa kwa masabata angapo chifukwa makompyuta ankhaninkhani ankawapanikiza nthawi imodzi. Estonia inali kale mu NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, komatu lamulo lija loti wamenya mmodzi wamenya tonse silinagwire ntchito, mukanatumiza akasinja kuti akamenye ndani? Russia, yomwe inkalozedwa chala, inakana kuti siyikudziwapo kanthu.

Ku Crimea, chigawo cha Ukraine, mu 2014 zinafika pena, asilikali ovala yunifomu yopanda chizindikiro chilichonse analanda nyumba ya malamulo ndi mabwalo a ndege, a Putin n'kumati amenewo ndi eni dera akudziteteza okha, anadzavomera pambuyo pake kuti anali asilikali a Russia zinthu zitatha kale.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi cha 2021. Mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa EU utayika zilango pa Belarus, boma la a Lukashenko linafewetsa ma viza kwa anthu ochokera ku Iraq ndi mayiko ena, kenako n'kumawakankhira kumalire a Poland, Lithuania ndi Latvia, mayiko a mu EU. Anthu ofuna moyo wabwino basi kusandutsidwa chida, ena mpaka anafera m'nkhalango ndi kuzizira. Apa olo mutakhala ndi mizinga yambiri bwanji siyingakuthandizeni, ndipo mukawabweza mwankhanza anthuwo mbiri yoyipa ndi yanu, zomwe mdaniyo amafuna.

Mabodza a pa Facebook ndi Telegram nawo ali momwemo, cholinga sikuti mukhulupirire bodza limodzi ayi, koma mutope mpaka musiye kukhulupirira aliyense.

NATO inanena mu 2016 ku Warsaw kuti chiwembu chotere chikakula ikhoza kuchitenga ngati kuwukiridwa ndi zida, koma kukula kwake n'kufika pati sananene, mwadala. Vuto limakhalabe umboni. Pa 25 Disembala 2024 chingwe cha magetsi cha Estlink 2, chodutsa pansi pa nyanja pakati pa Finland ndi Estonia, chinaduka, apolisi a ku Finland anagwira sitima yonyamula mafuta ya Eagle S yomwe inakoka nangula wake pansi mtunda wautali. Oyendetsa sitimayo anati inali ngozi chabe. Mu 2025 khoti la ku Helsinki linathetsa mlanduwo ponena kuti lilibe mphamvu zowuweruza, poti zinachitikira kunja kwa malire a madzi a Finland.