Filimu ya zojambula zapakhoma? Yambirani pa Lizulu

Mnyamata wina wa pa Dedza boma wanditumizira imelo. Akuti anaonera filimu ya anthu akunja opopera penti m'makoma, ndiye akufunsa kuti: "Ndi mafilimu ena ati oti ndione, nanga kwathu kuno zilipo zoti munthu n'kujambulapo filimu?"

Achimwene, yambani ndi Style Wars ya mu 1983. Muli anyamata a ku New York ozemba usiku kukapenta mayina awo pa sitima zapansi panthaka, kwinaku meya Ed Koch atakwiya mpaka kuikitsa mipanda ya waya ndi agalu. Pofika 1989, sitima yopentedwa sinkaloledwanso kunyamula anthu. Ina ndi Exit Through the Gift Shop ya Banksy, wojambula m'makoma wa ku England amene amabisa dzina lake lenileni, ya mu 2010. Imeneyo ine ndimaonera ndi diso limodzi, chifukwa sudziwa pomwe pathera zoona n'kuyambira nthabwala. Za zionetsero za luso, mu 2011 nyumba ya zaluso ya MOCA ku Los Angeles inachititsa cha Art in the Streets. Zomwe dzana apolisi ankathamangitsira anthu zinalowa m'nyumba, alonda n'kumazilondera.

Koma musavutike kusaka Banksy wa ku Dedza. Penti yopopera njodula, athufe amagwira bulashi ndi kachitini ka penti yamafuta. Kwerani minibasi mutsike pa Lizulu kapena pa Bembeke, muyang'ane makoma: mitu ya anthu ometa bwino pakhomo la ometa tsitsi, mbuzi yonenepa kuposa ng'ombe pa butchala, dzina la golosale lomwe chilembo chomaliza chachita kupanikizika chifukwa khoma linatha. Ndinaimapo tsiku lina kuonerera bambo wina atakwera pa kreti ya mabotolo, akulemba mizere ndi choko asanapake penti, mwini sitolo akumunenerera mtengo ali pansi. Patangotha miyezi yochepa, kampani ina ya mafoni inadzapaka khoma lonselo mtundu wake. Palibe anajambulako. Filimu yanu ndi imeneyo, ndipo foni yanuyo ikukwana.

Mukafuna kuzama, pitani ku Chongoni. Kuli malo 127 a zojambula zapamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira n'za Akafula, zoyera n'za Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Ku Chentcherere, amodzi mwa malowa, mukapeza mayina a anthu a lero atakandidwa pamwamba pa zakalezo. Wina adzakuuzani kuti nazonso ndi luso ngati la ku New York. Ine ndikukana. Anyamata aja ankapenta sitima yoti mawa itsukidwa, pomwe thanthweli ukaliwononga lapita. Zijambuleni ndithu kuti anthu aone, koma muyambe mwaonekera kwa amfumu ndi kwa oyang'anira malowo, ndipo zina za kudambwe akakuuzani kuti musajambule, bwezani foni m'thumba.

Musaiwale kukulunga kansalu pamaikolofoni. Mphepo ya ku Dedza mu Juni imameza mawu onse.