Kodi Shakespeare analembadi masewero akewa? Yankho kwa aphunzitsi a Macbeth

Aphunzitsi ena a Chingerezi pa sekondale atilembera pa imelo. Akuti ali mkati mophunzitsa Macbeth, mwana wina wa fomu 4 anabwera ndi kanema wa pa YouTube wonena kuti William Shakespeare anangobwereketsa dzina, ndipo mlembi weniweni anali bwana wina wa ku banja lolemekezeka amene sankafuna kudziwika. Funso lawo ndi ili: "Kodi nkhaniyi ili ndi mutu? Nanga ndimuyankhe bwanji mwanayu osaoneka ngati ndikungomutseka pakamwa?"

Aphunzitsi, musamutseke pakamwa. Muthandizeni kumasula mtolo, chifukwa mumtolomo muli mafunso awiri. Lina n'lakuti kodi munthu uja anabatizidwa ku Stratford-upon-Avon pa 26 Epulo 1564 n'kumwalira komweko pa 23 Epulo 1616 ndiye mwini masewerowa. Zikalata zikuti inde. Lina n'lakuti kodi mzere uliwonse analemba yekha. Apa yankho ndi ayi, ndipo umboni wina uli m'buku la Macbeth muli nalo m'manjalo.

Zina zimene okayika amanena n'zoona ndithu. Masiginecha a Shakespeare amene alipo lero ndi asanu ndi limodzi okha: imodzi pa umboni umene anapereka kukhoti mu 1612, awiri pa zikalata za nyumba imene anagula ku Blackfriars mu 1613, ndi atatu pa wilu yake ya 1616. Dzina analilemba mosiyanasiyana. Palibe kalata yolemba iye imene inapezeka. Wilu yake sitchula buku ngakhale limodzi. Bambo ake, John Shakespeare, anali osoka magolovesi achikopa ndipo posaina ankangoika chizindikiro. Shakespeare mwini sanapondeko ku yunivesite. Ndiye anthu amati, mwana wa m'banja lotere za m'nyumba zachifumu, za malamulo ndi za ku Italy akanazidziwira kuti?

Chimene chimasowa m'makanema otere ndi muyeso. Muyenera kufunsa kuti olemba masewero anzake a nthawi imeneyo anasiya zotani. Christopher Marlowe, amene anaphunzira ku Cambridge, anasiya siginecha imodzi yokha, ndipo pamenepo analemba kuti Marley. Kalembedwe ka mayina kanali kasanakhazikike. Ben Jonson, amene aliyense ankamudziwa kuti ndi wophunzira kwambiri, analeredwa ndi bambo womanga nyumba za njerwa ndipo sanaphunzire ku yunivesite. Kaundula wa ana a pa sukulu ya ku Stratford wa zaka zimenezo anatayika yense, osati tsamba la Shakespeare lokha. Chimene chikudziwika n'choti bambo ake anakhalapo mkulu wa tauniyo mu 1568, kotero mwana wawo anali woyenera kulowa, ndipo sukulu zamtunduwu zinkakhomerera Chilatini kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Ovid, mlakatuli wa ku Roma wakale amene nthano zake zadzaza m'masewerowa, ankawerengedwa m'makalasi amenewo.

Za wilu zimasokoneza anthu chifukwa amaiyesa ndi maso a lero. Nthawi imeneyo wolemba akapereka sewero ku gulu la zisudzo, linkakhala katundu wa gululo, kotero silinali lake loti asiyire ana. Mabuku nawo akanalembedwa pa mndandanda wa katundu wa m'nyumba, umene unkakonzedwa padera munthu akamwalira, ndipo wa Shakespeare sunapezeke. Katundu yense wosatchulidwa dzina anasiyira mwana wake Susanna ndi mwamuna wake John Hall.

Nanga za maphunziro ozama aja? Magwero ake timawadziwa, ndipo anali mabuku a Chingerezi ogulitsidwa mu London. Nkhani ya Macbeth anaitenga m'buku la mbiri la Raphael Holinshed la 1587, za Aroma m'buku la Plutarch limene Thomas North anamasulira mu 1579. Ndipo ankaphonya. Mu Julius Caesar wotchi ikulira mu Roma wakale. Mu The Winter's Tale ngalawa ikukocheza ku Bohemia, ndipo Jonson anamuseka kuti dzikolo lilibe nyanja.

Tsopano tsatani chingwe cha zikalata, mfundo ndi mfundo, ndipo mwana wanuyo aone ngati pali podukira. Mfundo yoyamba imanga dzina ku zolembedwa. Ndakatulo ya Venus and Adonis inatuluka mu 1593 ndi dzina la William Shakespeare pansi pa mawu oiperekera kwa Earl wa ku Southampton, ndipo woisindikiza anali Richard Field, mwana wa ku Stratford komweko. Mu 1598 Francis Meres analemba mndandanda wa masewero 12 a Shakespeare. Mfundo yotsatira imanga dzinalo ku gulu la zisudzo: chikalata chimene Mfumu James inapereka mu 1603 potenga gululi kuti likhale lake, la King's Men, chimatchula William Shakespeare pamodzi ndi Richard Burbage, John Heminges ndi Henry Condell. Kenako bwererani ku wilu ija ya munthu wa ku Stratford. Muli mzere wopereka masheleni 26 ndi makobiri 8 kwa aliyense mwa anzake atatu omwewa, Burbage, Heminges ndi Condell, kuti agule mphete zomukumbukira. Okayika amati mzerewo anachita kuulowetsa pakati pa mizere ina, ndipo n'zoona, koma ulinso m'kope limene khoti linalemba povomereza wiluyo mu Juni 1616, nkhani yokayikayi isanabadwe n'komwe.

Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, mu 1623, Heminges ndi Condell anasonkhanitsa masewero 36 m'buku lalikulu lotchedwa First Folio. Theka la masewerowa, 18, anali asanasindikizidwepo, kuphatikizapo Macbeth. Kumayambiriro kwa bukuli Jonson akumutcha mlembiyo mbalame ya mumtsinje wa Avon, umene umadutsa ku Stratford, ndipo mlakatuli wina, Leonard Digges, akutchula chipilala chake cha ku Stratford. Chipilalacho chilipobe m'tchalitchi cha Holy Trinity, ndipo mawu ozokotedwa pamenepo amamuyerekeza ndi Virgil, mlakatuli wotchuka wa ku Roma wakale. Kuti nkhani ya kanema ija iime, anthu onsewa ayenera kukhala kuti anapangana bodza limodzi, n'kulisunga osalitaya mpaka kumanda.

Kukayikaku kunayamba mochedwa, patapita zaka pafupifupi 240 iye atamwalira. Pofika nthawi imeneyo Angerezi anali atamukweza Shakespeare kukhala ngati kamulungu, ndiye zikalata zosonyeza munthu wogula minda ndi kusumira anzake pa ngongole zinawakhumudwitsa. Delia Bacon wa ku America anatulutsa buku mu 1857 lonena kuti masewerowa analemba gulu la akuluakulu lokhala ndi Francis Bacon, katswiri wa malamulo ndi filosofi, mkati. Mu 1888 Ignatius Donnelly anati wapeza uthenga wachinsinsi wa Bacon powerengetsa mawu mu First Folio.

Apa mpofunika kudziwa m'mene bukulo linapangidwira. Zilembo zachitsulo ankaziyala ndi manja, chimodzichimodzi, anthu osachepera asanu, aliyense ndi chizolowezi chake cha masipelo. Malo akachepa pa tsamba ankafupikitsa mawu, akachuluka ankatambasula. Zolakwika ankazikonza makina akugwira ntchito, masamba osakonzedwa osawataya, moti Charlton Hinman atayerekeza makope oposa 50 ku Folger Shakespeare Library ku Washington anapeza kuti amasiyana m'malo ambirimbiri. Uthenga wodalira kuti liwu lakuti likhale pa nambala yakuti sukanapulumuka m'nyumba yosindikizira yotere. William ndi Elizebeth Friedman, akatswiri omasula mauthenga achinsinsi a boma la America, anayesa njira zonsezi mu 1957 ndipo anapeza vuto limodzimodzi: wofufuza amasintha lamulo lowerengera pakati pa njira mpaka atapeza dzina limene ankalifuna kale.

Amene okayika amamutchula kwambiri lero kuti ndiye mlembi weniweni ndi Edward de Vere, bwana wa ku banja lolemekezeka, Earl wa 17 wa ku Oxford. Anamubweretsa mu 1920 mphunzitsi wina wa ku England, J. Thomas Looney, ndipo filimu ya Anonymous ya 2011 inamufalitsa. Sigmund Freud, katswiri wotchuka wa za maganizo, anakhulupirira zimenezi, koma kutchuka kwa wokhulupirira si umboni. Meres uja anatchula Oxford ndi Shakespeare pa mndandanda umodzi ngati anthu awiri. Chachikulu n'choti Oxford anamwalira mu Juni 1604. Koma sewero la The Tempest limatsamira pa nkhani ya ngalawa ya Sea Venture imene inasweka ku Bermuda mu 1609. Mu Macbeth momwemo, mlonda wa pachipata woledzera uja akunena za munthu wolumbira mokhotetsa mawu amene analephera kudzikhotetsera kumwamba, ndipo akatswiri ambiri amati akunena mlandu wa wansembe Henry Garnet wa mu 1606, wotsatira chiwembu chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo mu Novembala 1605. Otsatira Oxford amati analemberatu zonse n'kusiya. Munthu angalemberetu sewero, koma ngozi ya ngalawa sangailemberetu.

Ena amati mlembi weniweni anali Marlowe, koma izi sizichedwetsa. Anabayidwa ku Deptford pa 30 Meyi 1593, ndipo chikalata cha kafukufuku wa imfa yake chinapezeka mu 1925. Calvin Hoffman, amene ankati imfayo inali yongopeka, anatsekula manda a banja la Thomas Walsingham, amene ankathandiza Marlowe, mu 1956 poganiza kuti apezamo zolemba. Anapezamo mchenga.

Funso lachiwiri lija ndiye lili ndi nyama. Kulemba sewero anthu awiri kapena anayi chinali chizolowezi. Buku la ndalama la Philip Henslowe, mwini bwalo la zisudzo la Rose, ladzaza ndi malipiro ogawana olemba angapo pa sewero limodzi. The Two Noble Kinsmen inatuluka mu 1634 ndi mayina awiri pachikuto, John Fletcher ndi Shakespeare. Henry VIII, sewero limene ankachita pamene mzinga unayatsa denga la udzu la bwalo la zisudzo la Globe pa 29 Juni 1613, analembanso ndi Fletcher. Ambiri amavomereza kuti George Peele ali mu Titus Andronicus, George Wilkins mu Pericles, ndi Thomas Middleton mu Timon of Athens. Mu 2016 akonzi a New Oxford Shakespeare anaika Marlowe ngati mlembi mnzake wa masewero a Henry VI, ngakhale pamenepa mkangano sunathe.

Amadziwa bwanji? Amatenga masewero amene palibe akutsutsa kuti munthu analemba yekha, n'kuwerenga timawu tating'ono timene mlembi saganizira polemba. Fletcher amakonda "ye" ndi "'em" pamene Shakespeare amalemba "you" ndi "them", ndipo Shakespeare amagwiritsa "hath" ndi "doth" kuposa Fletcher. Amawerenganso mizere yothera pa silabo yofooka yowonjezera, imene Fletcher amaichulukitsa. Kenako amayesa sewero lokayikitsalo kachigawo ndi kachigawo. Zizindikiro zingapo zosadalirana zikasinthira pamalo amodzi, ndiye kuti cholembera chasintha dzanja. Njirayi imaphonya kachigawo kakafupika kwambiri, chifukwa mawu owerengera amachepa. Imaphonyanso mukadalira masipelo okha, popeza okopera ngati Ralph Crane ndi oyala zilembo aja ankalowetsamo zizolowezi zawo. Njira zofanana ndi zimenezi zitayesedwa pa ndakatulo za Oxford ndi zolemba za Bacon ku Claremont McKenna College ku California, onse awiri anagwera kutali ndi Shakespeare.

Mwana wanuyo mupatseni ntchito iyi, ya mphindi makumi awiri basi. Atsekule Act 3, Scene 5 ya Macbeth, pamene Hecate, mulungu wamkazi wa ufiti, akukalipira mfiti zitatu zija, ndipo awerenge mokweza akuwomba m'manja pa silabo iliyonse yamphamvu. Kenako achite chimodzimodzi ndi mawu a mfitizo zikuzungulira mphika kumayambiriro kwa Act 4, Scene 1. Amva kuti mizere ya mfiti imayamba ndi kugunda, pamene ya Hecate imayamba mofewa n'kugunda pa silabo yachiwiri. Afunsenso kuti Hecate akachotsedwa nkhani itaya chiyani. Pomaliza aone kuti m'zigawo ziwirizi muli malangizo oti paimbidwe nyimbo. First Folio imangopereka mawu oyambirira a nyimbo ziwirizo, koma zonse zathunthu zimapezeka m'sewero la Middleton lotchedwa The Witch. N'chifukwa chake akonzi ambiri amati Middleton anagwiramo ntchito mu Macbeth gulu la King's Men likukonzanso seweroli. Popeza kope lina lakale kuposa la 1623 kulibe, Macbeth amene ana anu akulembera mayesoyo ndi wokonzedwayo.