Katundu wa amuna ako usataye iwo kulibe

Mdzukulu wanga wina wandilembera kuti: "Agogo, tinakwatirana chaka chathachi koma nyumba yathu ya zipinda ziwiri yadzadza kale, pansi pa bedi makatoni okhaokha. Amuna anga amasunga mafoni akufa, machaja, nsapato zong'ambika ati adzakonzetsa. Ndikufuna tsiku lina akapita kuntchito ndingotaya zonse, kodi ndilakwa?"

Iwe mwana iwe, usayerekeze. Chinthu cha mwini sataya mwiniwake kulibe, ngakhale chikhale chaja choduka waya. Ine ndinachitapo zimenezo ndili mtsikana, ndinatenga chikwama chakale cha agogo ako aamuna chimene chinkangokhala pamwamba pa wadiropu chitachita kuyera ndi nkhungu n'kukachiponya kudzala, osadziwa kuti m'kathumba ka mkati munali kalata yomaliza imene bambo awo anawalembera. Sanandikalipire ayi, anangokhala duu sabata yathunthu, bola akanangondikalipira.

Ndiye yamba ndi zako. Tsegula sutikesi yako ija uone madiresi amene unasiya kuvala usanakwatiwe n'komwe, kuphatikizapo lija umati udzavala ukadzaonda, ndikukudziwatu. Chovala chimene chatha chaka chathunthu, kuzizira kwadutsa kutentha kwadutsa iwe osachikhudza, pali wina amene akuchisowa. Koma uchichape kaye, munthu sapatsidwa chinthu chonunkha m'katoni ngati ukumutayira zinyalala. Chong'ambikiratu chidule chikhale chokolopera.

Usatulutse nyumba yonse tsiku limodzi, udzatopa dzuwa lili pamutu ndipo madzulo udzangobwezera zonse mmene zinalili. Lero shelefu imodzi basi, pansi pa bedi Loweruka.

Makatoniwo ndi amene andidetsa nkhawa. Katoni imakoka chinyezi, mphemvu zimabisala ndi kuswana m'timipata take, makoswe nawo amainyenya kupangira chisa, ndipo ukadzatsegula udzapeza zovala zabwinobwino zili mabowomabowo. Zimene watsimikiza kusunga uziike m'chinthu chotsekeka bwino zitauma gwa. Zolemera pansi, zopepuka pamwamba, kuopa kuti tsiku lina chidzagwera munthu pamutu. Mankhwala uone deti yake pa paketi, amene anatha nthawi achoke, otsalawo akhale pamwamba poti mwana sangafike. Ndipo mankhwala ochapira kapena ophera tizilombo usamathire m'botolo la zakumwa, mwana sawerenga, amangoona botolo n'kumwa. Masetifiketi, makadi akuchipatala ndi mapepala ena ofunika onse pamodzi mu fayilo imodzi, nonse awiri muzidziwa pamene ili, osati wina wadwala usiku ndiye muyambe kugubuduza matiresi.

Tsopano za bambowo. Akaona mbali yako yayera, mtima umafewa wokha. Usawayambe atangolowa pakhomo atatopa, dikira tsiku lopuma, sonkhanitsa zinthu zawozo malo amodzi n'kunena mwaulemu kuti tiyeni tione limodzi. Osati "zinyalala zanuzi" ayi, mawu amenewo ndi amene amautsa mkangano. Nsapatozo mugwirizane kuti zipite kokonzetsa mwezi uno, zikapanda kupita ndiye kuti nawonso avomereza kuti zatha ntchito. Uwasiyire katoni imodzi kapena dirowa imodzi yoti asungemo zimene akufuna, ndipo mmenemo dzanja lako lisalowemo.

Mafoniwo usawaponye pamoto ndi zinyalala zina, batire yake imaphulika, makamaka ija yatupa mpaka kukankha chivundikiro, imeneyo isagonenso pansi pa bedi. Koma usanawakhudze uwafunse kaye kuti muli chiyani mmenemo, mwina muli zithunzi za mayi awo zimene sanazisamutse.