Mbiri ya bambo amene ankagulitsa katundu pa msewu wa ku Kasungu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe. Bambo awo owabereka anamwalira chaka chatha. Anagwira ntchito ya uselesimani zaka zoposa 20, kuyenda ndi galimoto ya kampani pa msewu wa M1 kusiya sopo, mafuta ophikira ndi zina m'magolosale, komanso anali mkulu wa mpingo wa CCAP. Tsopano banja lamanga chiliza, ndipo apempha mayiwa kuti adzalankhule pa tsiku lochivundukula. Funso lawo ndi ili: "Tsiku la maliro amalume anawerenga mbiri, koma za ntchito ananena mzere umodzi wokha. Ine ndikanene chiyani za munthu amene anali selesimani chabe? Nanga zoti sankapezekapezeka pakhomo, ndizibise?"

Achemwali, choyamba pepani. Chaka n'chochepa, bala likadali laliwisi.

Amalume anu musawaimbe mlandu. Mbiri ya pa maliro timailemba usiku pasiwa, mitu itazizira, wina akufunsa za bokosi, wina za ufa wa adzukulu. N'chifukwa chake imamveka chimodzimodzi paliponse: anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa, anakwatira, anadwala, asiya ana angapo ndi zidzukulu. Pa chiliza zinthu n'zosiyana. Muli ndi nthawi yofunsa anthu, ndipo amene adzabwere adzakhala ndi makutu.

Mawu amene andikhudza m'kalata yanu ndi akuti "chabe". Ndikupemphani muwachotse mumtima musanayambe kulemba. Ine ndinakulira m'golosale ya azakhali anga pa Mponela, ndipo ndikudziwa mmene tinkayembekezera galimoto ya selesimani. Ikachedwa tsiku limodzi mashelefu ankaoneka nthiti, makasitomala n'kumatsikira kwa anzathu. Bambo amene ankabwera kwathu ankatsika ndi buku la malisiti lokhala ndi kaboni wabuluu pakati, bolopeni ili pakhutu. Asanatsegule n'komwe bukulo ankayamba afunsa za mwendo wa azakhali, kenako n'kuyang'ana shelefu n'kunena kuti, "Mayi, sopo wochapira tengani makatoni awiri, fodya wayamba kugulidwa." Ankadziwa kuti misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, cha mu Epulo, ndalama zimafika mpaka m'midzi. Ankadziwanso kuti mu Januwale ndi Febuluwale anthu amagula sopo woduladula ndi mafuta a m'kathumba, moti kukakamiza mayi wa golosale kuoda zambiri nthawi imeneyo n'kumupha. Nzeru zimenezo anazitola pamsewu, kuchoka pa Lumbadzi, Mponela, Madisi mpaka ku Kasungu, sabata ndi sabata.

Ntchito imeneyi ilinso ndi malo ake m'mbiri ya dziko lathu. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula amwenye kuti achoke m'mashopu a kumidzi akachite malonda m'mizinda. Mashopu aja anatsala m'manja mwa Amalawi amene ambiri analibe galimoto ngakhale mpamba wokwanira, ndipo ankadalira maholoselo monga Chipiku ndi magalimoto a makampani amene ankawapeza pakhomo. Ngati bambo anu anali pamsewu mu 1994, pamene kwacha inasiyidwa kuti izidziyendera yokha mitengo n'kuyamba kukwera mwezi ndi mwezi, ndiye kuti ndi iwo amene ankaima pa kauntala kufotokozera eni magolosale okwiya chifukwa chimene katoni yakwerera. Ngati anali pamsewu pa njala ya 2002, anaona ndi maso awo mashopu akutsekedwa. Afunseni amayi anu zimene ankasimba akabwera kunyumba masiku amenewo.

Ndiye chitani izi. Loweruka lina kwerani minibasi, mutsike pa malo awiri kapena atatu amene iwo ankaima, mufunse golosale yakale kwambiri pamalopo. Tchulani dzina lawo. Mudzadabwa. Munthu amene ankanyamula ndalama za kampani m'chikwama zaka 20 osamva kuti kwasowa tambala, anthu amamukumbukira. Wina adzakuuzani za tsiku limene anamusiyira katundu asanamalize kulipira wakale. Wina za mwana wodwala amene anamukweza kupita naye kuchipatala. Lembani mmene akunenera, osakometsera. Ngati dalaivala kapena mnyamata amene ankatsitsa nawo katundu akadali moyo, ameneyo ndiye nkhokwe yanu, chifukwa anagona nawo m'maresitihausi ndi kudya nawo nsima mbale imodzi.

Za kumpingo musangonena kuti anali okonda kupemphera, aliyense amanenedwa choncho akamwalira. Pitani kwa mlembi wa mpingo, akuuzeni chaka chimene anadzozedwa ukulu. Kenako pitani kwa anthu a mlaga wawo ndi kwa amayi a Chigwirizano, mufunse kuti: ankachita chiyani chimene ena sankachita? Mwina ndi iwo ankafika m'mamawa kudzatsegula tchalitchi. Mwina ankawerengera chopereka kawiri asanasaine, monga ankachitira ndi malisiti. Mwina pali banja limene linatsala pang'ono kutha, iwo n'kukhala nalo pansi usiku wonse. Funsaninso nyimbo imene ankakonda kuyambitsa, ndipo mupemphe abusa kuti idzaimbidwe mukangomaliza kulankhula.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe ndikuona kuti ndi limene likukupwetekani kwenikweni. Musabise. Anthu amene adzakhale pansi pa mtengo tsikulo akudziwa kale kuti bambo ankachoka Lolemba n'kubwera Lachisanu usiku. Amayi anu akudziwa kuposa tonsefe, chifukwa ndi iwo ankathamangira kuchipatala ndi mwana pamsana mwamuna ali ku Kasungu. Mukanena kuti anali pakhomo nthawi zonse, mawu anu ena onse adzapepuka. Koma kumanda si bwalo la milandu. Nenani zoona mwaulemu: "Tinkawasowa pakati pa sabata, ndipo Lachisanu tinkamvetsera kulira kwa galimoto." Mukatero muwathokoze amayi anu pamaso pa anthu, chifukwa ulendo uliwonse wa bambo unkatheka iwo atagwira nyumba. Ngati pali zina zolemera, za ngongole kapena mikangano ya pachibale, zimenezo n'za m'nyumba, pamodzi ndi mwini mbumba.

Pa kutalika kwake, mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri n'zokwanira. Amfumu adzalankhula, oimira banja adzalankhula, abusa ali ndi ulaliki, ndipo dzuwa la kumanda silimvera chisoni agogo. Masiku obadwa ndi omwalira alembedwa kale pamwala, choncho adutseni msanga. Sankhani nkhani imodzi ya pamsewu, imodzi ya kumpingo, imodzi ya pakhomo, basi. Zotsalazo musataye. Zilembeni m'kope limodzi, muikemo zithunzi, ndipo ngati buku lawo la nyimbo likadalipo ndi timapepala tawo m'kati, lisungeni pamodzi ndi kopelo kuti zidzukulu zidzaone zolemba za dzanja la agogo awo.

Musanapite kukawerenga pagulu, awerengereni kaye amayi anu muli awiriwiri. Iwo adzakukonzani chaka chimene mwalakwitsa, ndipo misozi yoyamba idzathera pamenepo. Pa tsikulo mchimwene kapena mng'ono wanu aime pafupi, pepala lachiwiri lili m'manja, kuti mawu akakugwirani pakhosi iye apitirize pamene mwasiyira.