Luso ali nalo, koma ndalama sizigona m'thumba

FUNSO: Malume, ndimalangiza gulu la achinyamata kuno ku Chinamwali. Ena anaphunzira ukalipentala, ena utelala, ndipo maoda amapeza ndithu. Koma ndalama ikangolowa imathera pa bandulo, kubetcha mpira ndi kaunjika, mwezi usanathe abweranso kudzapempha ya sopo. Ndiwaphunzitse bwanji kudziletsa ndi kudzidalira?
Mayi wa ku Chinamwali, Zomba

YANKHO: Mayi, za luso musadandaule. Ku Nasawa, kumene ankaphunzitsirako a Payoniya asanathetsedwe mu 1993, lero kuli koleji ya ntchito zamanja, ndipo bungwe la TEVETA lakhala likuyang'anira maphunziro otere kuyambira 1999. Kupala thabwa ana athu akudziwa. Chimene chimawagwetsa n'kusasiyanitsa mpamba ndi phindu.

Mnyamata akagulitsa chitseko, khalani naye pansi ndi kope. Alembe yekha: matabwa zingati, misomali, guluu, vanishi, wa kabaza amene ananyamula. Ndalama imeneyo si yake, ndi ya chitseko chotsatira. Zotsalazo agawe patatu: za banki mkhonde, za pakhomo, za iye mwini. Gawo lomalizali musalowererepo. Mukamuletsa bandulo n'komwe, adzangosiya kubwera ku misonkhano yanu, ndalamazo n'kumadyera kumbali.

Pa banki mkhonde ndiye ndikakamire. Bokosi likhale la maloko atatu, makiyi asunge anthu atatu osiyana, ndipo pasakhale awiri a nyumba imodzi. Tsiku logawana musaliike mu Disembala. Ndalama yogawana pafupi ndi Khirisimasi imathera m'mashopu a m'tauni. Gawanani mu Okutobala, pamene aliyense mutu uli pa mbewu ndi feteleza. Ndipo wolandira asasunge pansi pa pilo: mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Agule pulena, makina osokera, kapena nkhuku zachikuda zingapo.

Aliyense akhalenso ndi kadimba. Asodzi a ku Kachulu amakumbukira mmene nyanja ya Chilwa inaphwera mu 1995. Amene ankadalira matemba okha anagwira njakata. Maoda a mipando nawonso amaphwa mu Januwale ndi Febuluwale.

Za kubetcha musalalikire, samva. Wobetchayo muuzeni alembe tikiti iliyonse kwa mwezi umodzi, yodya ndi yodyedwa, kenako awonkhetse yekha pamaso pa anzake.