Mawuwo munalemba nokha, nanga a Wikipedia afufutiranji?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito yofalitsa nkhani ku bungwe lina lothandiza anthu. Dzina lawo ndi la bungwelo sinditchula. Abwana awo anawatuma kuti bungwe likhale ndi tsamba pa Wikipedia ya Chingerezi. Mayiwa anatsegula akaunti, n'kukopera mbiri ya bungwe imene ili pa webusaiti yawo, n'kuikanso chithunzi cha mkulu wa bungwelo. Dzuwa lisanalowe zonse zinali zitafufutidwa, ndipo anapeza machenjezo awiri: loti aphwanya copyright, lamulo la umwini wa zolemba, ndi loti akulemba za bungwe lomwe limawalipira. Funso lawo linali lakuti: "Mawu a pa webusaitiwo ndinalemba ndine. Kodi munthu angadzibere yekha? Nanga ndani angalidziwe bungweli kuposa ine amene ndagwirako ntchito zaka zambiri?"

Mayi, pepani. Ntchito imene munaikirapo mtima ikachotsedwa ndi munthu amene simukumudziwa n'komwe, zimapweteka. Komabe amene anafufutayo sanalakwitse, ndipo ndikufuna ndikuonetseni chifukwa chake.

Tiyambe ndi umwini wa mawu. Chilichonse chimene munthu walemba chimakhala ndi mwini wake nthawi yomweyo, popanda kukalembetsa ku ofesi iliyonse. Mfundo imeneyi ili m'pangano la Berne la mu 1886, limene mayiko ambiri anasainira, ndipo umwiniwo umapitirira zaka zosachepera 50 wolembayo atamwalira, m'mayiko ena mpaka 70. Wikipedia nayo ili ndi lonjezo lake kwa owerenga. Kuyambira mu 2009 zolemba zake zimatuluka pansi pa laisensi ya CC BY-SA, kutanthauza kuti aliyense akhoza kuzikopera, kuzisintha, ngakhale kuzisindikiza n'kumagulitsa, bola atchule kumene wazitenga ndipo naye apereke ufulu womwewo kwa ena. Choncho mukaika ndime pa Wikipedia, mwauza dziko lonse kuti tengani. Zimenezi simungachite ndi katundu amene pansi pake palembedwa kuti mwini wake ndi wina.

Tsono taganizirani mkonzi amene anafufuta uja. Ndi munthu wongodzipereka, salipidwa, ndipo waona ndime yofanana liwu ndi liwu ndi ya pa webusaiti yokhala ndi chizindikiro cha ©. Adziwa bwanji kuti mwini akauntiyo ndi yemwe analemba? Aliyense akhoza kunena kuti ndine. Komanso pali mfundo ina imene anthu ambiri saiganizira: m'malamulo a mayiko ambiri, zimene walemba monga mbali ya ntchito yako zimakhala za wolemba ntchitoyo. N'kutheka kuti mawuwo, ngakhale anachoka m'mutu mwanu, si inu amene mungawapereke.

Njira yake ilipo. Bungwe likhoza kulemba pa webusaiti pomwepo kuti ndimeyo yaperekedwa pansi pa CC BY-SA, kapena kutumiza chilolezo kuchokera pa imelo yake yeniyeni kupita ku gulu la anthu odzipereka oyankha maimelo a Wikipedia, lotchedwa Volunteer Response Team. Koma abwana anu adziwiretu kuti chilolezo chimenechi sichibwezedwa. Mawa munthu amene sakondwera ndi bungwe lanu akhoza kutenga mawu omwewo n'kuwagwiritsa ntchito mmene akufunira. Kusintha timawu tiwiri titatu nakonso sikuthandiza, chifukwa kapangidwe ka ziganizo kakadali ka mwini wake. Chimene chilibe mwini ndi mfundo zokha: chaka chimene bungwe linayamba, kumene limagwira ntchito, amene analiyambitsa. Zimenezo tengani, koma muzinene mwatsopano.

Chithunzi chija nachonso n'chimodzimodzi. Mwini chithunzi kawirikawiri ndi amene anajambula, osati amene akuoneka pachithunzipo kapena amene wachisunga mu kompyuta. Ndipo Wikimedia Commons, komwe zithunzi zimasungidwa, salandira chilolezo chonena kuti "cha pa Wikipedia pokha" kapena "osachitira malonda".

Koma ngakhale chilolezo chitapezeka, ine sindingakulangizeni kuti mubwezeretse ndime ija. Inalembedwa kuti ikope anthu opereka thandizo, ndipo apa ndi pamene funso lanu lachiwiri likulowera.

N'zoona kuti bungwelo mumalidziwa kuposa mkonzi aliyense. Vuto lagona pomwepo. Palibe akunena kuti ndinu wabodza. Chimene chimavuta si zimene mungalembe ayi, koma zimene dzanja lanu lingakane kulemba. Pulojekiti imene inalephera mungaitchule? Nyuzipepala ikanakhala kuti inafunsapo za kayendetsedwe ka ndalama, mukanaikamo, podziwa kuti Lolemba mukakumana ndi abwana? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Zimenezi n'zimene akonzi a Wikipedia amazitcha conflict of interest, ndipo zimagwira aliyense. Jimmy Wales, amene anayambitsa Wikipedia mu 2001 pamodzi ndi Larry Sanger, anadzudzulidwa mu 2005 zitadziwika kuti ankakonza yekha tsamba la mbiri yake, kuphatikizapo mawu onena za mbali imene Sanger anatengapo. Ngati zinamuvuta Wales, ine ndi inu sizingatisiye.

Mukadabwa kuti akonzi amafulumira chonchi bwanji, dziwani kuti anapsapo kale. Mu 2007 Virgil Griffith anapanga WikiScanner, pulogalamu imene inaonetsa kuti makompyuta a m'makampani akuluakulu ndi m'maofesi a boma ankachotsa mwakachetechete zinthu zowachititsa manyazi. Mu 2013 maakaunti oposa 250 anatsekedwa pa nkhani ya kampani ya Wiki-PR, imene inkalemba masamba molipidwa koma mobisa. Mu 2015 maakaunti 381 anatsekedwa pa nkhani yotchedwa Orangemoody, pomwe anthu ankalipiritsa eni mabizinezi kuti awalembere tsamba, kenako n'kumawauza kuti azilipirabe kuti tsambalo litetezedwe. Mu 2019 kampani ya The North Face inapepesa zitaululika kuti zithunzi za malo okopa alendo zinasinthidwa n'kuikapo zoonetsa katundu wake. Mkonzi akaona akaunti yatsopano yolemba za bungwe limodzi lokha, m'mawu otamanda okhaokha, amakumbukira zonsezi. Inu simunali m'gulu limenelo, koma kwa iye munaoneka chimodzimodzi.

Nkhani ya Wiki-PR itachitika, mu June 2014 a Wikimedia Foundation, bungwe limene limayang'anira Wikipedia, anasintha malamulo ogwiritsira ntchito masamba awo. Aliyense wolemba molipidwa ayenera kuulula amene amamulemba ntchito ndi amene akumulembera, kaya pa tsamba la akaunti yake, pa tsamba la zokambirana la nkhaniyo, kapena m'mawu ofotokoza zimene wasintha. Musaganize kuti poti palibe anakupatsani ndalama yapadera ndiye kuti sizikukukhudzani. Munatumidwa kuntchito, malipiro anu a pamwezi ndi omwewo.

Ineyo lamuloli ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse, ndipo chimene ndimalikondera n'chakuti silikuthamangitsani. Mukaulula, mukhoza kulemba nkhaniyo ngati yongoyeserera n'kuipereka ku Articles for Creation kuti mkonzi wopanda mbali aiunike. Tsamba likakhalapo, mukaona cholakwika mumalemba pempho pa tsamba la zokambirana, n'kusonyeza umboni, wina n'kukonza. Zimachedwa, nthawi zina masabata kapena miyezi, poti onsewo ndi ongodzipereka. Akaunti ikhale ya inu nokha, isatenge dzina la bungwe, ndipo musabwerekane ndi anzanu a muofesi.

Musanayambenso, khalani pansi ndi abwana anu muyankhe funso ili: kodi alipo anthu osakhudzana ndi bungweli amene analemba za ilo mozama, m'manyuzipepala odalirika, m'mabuku kapena m'kafukufuku? Webusaiti yanu, malipoti anu a pachaka ndi nkhani zimene munatumiza nokha kwa atolankhani siziwerengedwa. Ngati zolemba zoterozo palibe, tsamba silingakhalitse, ngakhale ntchito imene mumagwira ili yabwino chotani. Muwauzenso kuti tsamba likangokhazikika silikhalanso la bungwe. Aliyense akhoza kuwonjezapo zimene zili ndi umboni, zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo inu simudzakhala ndi mphamvu yozichotsa.

Za lero, lowani mu akaunti yanu, lembani pa tsamba lanu chiganizo chimodzi chonena kumene mumagwira ntchito, kenako muyankhe mkonzi uja mwaulemu kuti mwamva ndipo mwaulula. Mukasonkhanitsa zimene ena analemba za bungweli, nditumizireni pa imelo yomweyi tikaonere limodzi ngati zikukwana.